Mkamwini Wosaphethira pa Ndewu ya m'Kanema

Aphungu,

Ndabwera kwa inu mutu uli wolemera, ndipo ndikupemphani kuti musatope nane, chifukwa ine nkhani sindimatha kuiyambira pakati. Ndine bambo wachikulire wa kuno ku Lilongwe. Ndinabadwa tauni ino ikadali kaboma ka fumbi, msika umodzi, mlatho umodzi, uku akumanga likulu lero kunali tchire lodyetsako ng'ombe. Kusukulu sindinapondeko. Zonse zimene ndikudziwa zinalowera m'makutu ndi m'maso.

Ntchito yanga ndi yolankhulira kanema. Mwina simunaimvepo ntchito yotere, ndiye mumve. Ku Old Town kuno kuli holo ya a Harilal, mmwenye wa sitolo ya nsalu, kumene Loweruka ndi Lamlungu masana amaonetsa mafilimu: a makauboyi, a karate, nthawi zina a kwawo ku India. Anthu a pa mabenchi a kutsogolo Chingerezi sachimva. Inenso sindichimva. Koma ndimakhala pa kampando pambali pa chinsalu n'kumawauza m'Chichewa zimene zikuchitika. Filimu yatsopano ikafika, a Harilal amandionetsa ndekha holo ili yopanda munthu. Ine mawu ndilibe nawo ntchito, ndimayang'ana mapazi, mapewa ndi maso. Munthu amene adzapereke mnzake kumapeto amaonekera pa kaimidwe kake pachiyambi pomwe. Mayina ndimawapatsa ndekha, wa ndevu ndi Chimutu, wa chipewa choyera ndi Kalonga, wonenepa wothawathawa uja nthawi zonse ndi Kapitawo. Chimene akumenyanirana ndimachipezanso ndekha. Ndikapanda kuchigwira, ndimati akulimbirana malire a munda, kapena uyu anatenga mlongo wa mnzake osadzera kwa eni mbumba, ndipo anthu amagwedeza mitu kuti n'zoona, pamenepo munthu ayenera kumenyedwa.

Ndewu ikayamba ndiye pa ntchito yanga penipeni. Ndimaipatsa mawu, phaa, dii, khu, ndimaithamangitsa, ndimaigwira kuti ipume, holo yonse n'kuimirira. Amisiri omanga ku Capital Hill amabwera simenti ikadali m'tsitsi, Ayao, Alomwe, Asena, aliyense ndi chilankhulo chake, koma chibakera onse amachimva chimodzimodzi.

Musandiyese wopusa woganiza kuti anthu aja amafadi. Pali mzungu wina wa mphuno yokhota amene ndamuona akufa m'mafilimu ambirimbiri, mwezi wotsatira ali moyo pa hatchi ina. Ndikudziwa kuti ndi sewero. Komabe, Aphungu, ngakhale likhale sewero, munthu wa mtima nkhonya ikamabwera amalewa pang'ono. Ndatha zaka ndikuyang'ana nkhope za anthu m'kuwala kwa chinsalu. Abusa amalewa. Apolisi amalewa. A Harilal enieniwo, amene filimu iliyonse amaiona mpaka kutopa nayo, amakwezabe phewa. Munthu mmodzi yekha ndamupeza wosaphethira n'komwe, ndipo munthu ameneyo ndi amene akufuna kukwatira mwana wathu.

Mwanayo ndi Evelina, wa mlongo wanga Evelesi. Bambo ake anatisiya kalekale, ndipo ine ndiye tsibweni wake, mwini mbumba. Mawu omaliza pa ukwati wake ndi anga. Anaphunzira bwino, pano amataipa makalata ku unduna wina ku Capital Hill. Mwamunayo dzina lake ndi Reinford, wa ku Rumphi, kalaliki wamkulu amene anabwera ndi malole a boma likulu likusamuka kuchokera ku Zomba. Anamupatsa nyumba ku Area 15. Ndi munthu wa mpingo, mowa samwa, moni amapereka ndi manja awiri. Pambali pa ntchito ya boma amalemba za mafilimu mu nyuzipepala ya Chingerezi, kuuza anthu kuti iyi ndi yabwino, iyi musataye nayo nthawi. Ankhoswe ake afika kale pakhomo, ndipo akudikira yankho langa mvula isanagwe.

Inu mukudziwa mwambo wathu. Munthu akafunsira mbeta sitingovomera poona nsapato zake. Timatuma munthu kwawo mwakachetechete, akakhale pachitsime, akakhale pabwalo, akamve kuti banja limenelo ndi lotani, amuna ake akakwiya amatani, akazi okwatiwa kumeneko amanenepa kapena amabwerera kwawo ndi zipsera. Nanga lero ndikafunse kuti? Ku Rumphi ndilibeko ndi mmodzi yemwe wondidziwa. Ndinayesa kupita ku Area 15. Nyumba zonse zofanana, mitengo isanamere, aliyense mlendo. Mayi wa nyumba yoyandikana ndinamupeza akuyanika zovala, ndipo anandiuza kuti iwo amangopatsana moni, nayenso anafika dzana lomweli kuchokera ku Blantyre. Likulu limeneli latibweretsera anthu opanda kumbuyo. Choncho malo okhawo amene ndingathe kumuwerengerapo munthu ameneyu ndi mu holo mwanga, ndipo zimene ndawerengamo zandisowetsa mtendere.

Amakhala kumbuyo, ku mipando yofewa, manja atapinda pachifuwa. Tsiku lina tinali ndi filimu ya karate yoopsa, munthu anaponyedwa pawindo, magalasi ali mbwee, wina anamenyedwa ndi mpando pamsana mpaka mpandowo kuthyoka. Mayi wina pa benchi anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndili pakati pofuula ndinaponya diso kumbuyo. Reinford ankayang'ana wotchi. Kenaka anayasamula.

Ndinapempha mnzanga wina kuti andiwerengere zimene Reinford analemba za filimu imeneyo ndi kuzitembenuza m'Chichewa. Akuti ndewu yake ndi yabodza. Akuti adani gulu lonse amaima pamzere ngati kuchigayo, aliyense kudikira nthawi yake yomenyedwa, m'malo momugwera onse pamodzi. Akuti munthu wothyoledwa ndi mpando pamsana sangadzuke tsitsi lili lopesedwa bwino. Akuti wojambula amadumphadumpha mwakuti sudziwa dzanja ili ndi la ndani. Ndipo mawu amene anandibaya ndi awa: akuti nkhonya za m'filimu imeneyo sizipweteka mokwanira.

Sizipweteka mokwanira! Aphungu, ine holo yonse ikunjenjemera, munthu uyu akufuna zopweteka kuposa pamenepo. Ndiye ndikudzifunsa, muyeso wakewo anautenga kuti? Munthu wodziwa kuti msana wothyoledwa ndi mpando umadzuka bwanji, anauona kuti msanawo, ndipo mpandowo unali m'manja mwa ndani?

Pali filimu ina imene anaitamanda kwambiri. Imeneyo ine inandivutitsa, chifukwa anthu ankangolankhula, kuyang'anana, kumwa khofi, mpaka a pa mabenchi anayamba kuponya makoko a mtedza pa chinsalu. Nkhonya inagwa imodzi yokha kumapeto kwenikweni. Womenyedwayo anagwa osadzukanso bwino, ndipo womenyayo dzanja linatupa, kapu ya madzi inamukanika kugwira. Reinford analemba kuti imeneyo ndiye ndewu yoona, ndipo kuti anaikumbukira sabata yonse. Mwamva? Zosangalatsa, zovina, zoti munthu aombe m'manja, iye ayi. Chomukhalira mumtima ndi dzanja lotupa.

Analembaponso za ine, asanadziwe kuti ndine ndani wa Evelina. Akuti kutsogolo kuli mdala wina wolankhula pamwamba pa filimu, amene nkhani yake nthawi zina imakoma kuposa ya eni filimu, koma si imene eni akewo anajambula. Wondiwerengerayo akuti kumeneko ndi kuyamikira. Ine ndinamva kunyoza kovala jekete. Koma zimenezo sizikundikhudza, ayi ndithu, sindinazisunge n'komwe. Ndangozitchula kuti mudziwe kuti ndi munthu wotani, woti mdala amene wagwira ntchito yake kuyambira iye asanamere mano akumuitana wabodza mu nyuzipepala yomwe mdalayo sangathe kuwerenga.

Tsiku limene Evelina anabwera naye kunyumba kudzandipatsa moni, ndinamulandira bwino. Tinamwa tiyi, tinakamba za fumbi la misewu yatsopano, za mabasi opita ku City Centre amene amadzaza ngati matumba a fodya. Anapepesa yekha za mdala wa mu nyuzipepala uja, ine ndinati palibe kanthu. Kenaka ndinamufunsa mosazungulira.

"Inu bambo, munamenyapo munthu?"

Anaika kapu pansi. "Ayi, asibweni. Koma ndinaonapo munthu akumenyedwa."

"Kuti?"

"Ndi zakale," anatero, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa mango wa pakhomo panga.

Evelina anandiyang'ana ndi diso loti ndisiye, ndipo ndinasiya. Koma usiku ndi usana mawu amenewo akundizungulira. Anaona ndani akumenyedwa? Iye anali ataima kuti? Anagwira womenyayo, kapena anagwira womenyedwayo kuti asathawe, kapena anangopinda manja ngati mmene amakhalira mu holo?

Chinanso ndi mwanayo mwini wake. Evelina anakulira pa mabenchi a kutsogolo. Akadali wamng'ono mawu ake ankaposa anga, ankaima pa benchi kuuza Kalonga kuti atembenuke mdani ali kumbuyo. Atakula sanasinthe, kuseka kwake kunkamveka mpaka pamsewu. Lero amakhala kumbuyo pambali pa Reinford, chikwama pamiyendo, chete. Ndamuona kangapo chinthu choseketsa chikachitika, amayamba wayang'ana nkhope ya mwamunayo asanaseke. Nditamufunsa anati, "Atsibweni, ndakula, komanso anzanga a ku ofesi amakhala komweko." Mwina n'zoona. Mwina ndi mantha oyamba msanga. Mayi ake akuti ndikuchedwetsa mwayi wa mwana chifukwa cha zithunzi za pansalu, ndipo masiku ano akandiona amangopukusa mutu.

Kukanakhala kuti mwamunayo ndi wa kuno, sindikanavutika chotere. Akanabwera kudzakhala pakati pathu, tikanamamva chilichonse chogwa m'nyumba mwake, ndipo atakweza dzanja ndikanamulongedzera katundu tsiku lomwelo. Koma kwawo amalowola. Ng'ombe zikaperekedwa, mkazi ndi wa kwawo, ana ndi a kwawo. Boma litamusamutsanso, kapena atapuma ntchito n'kubwerera ku mapiri a kwawoko, mwana wa mlongo wanga akalira ndani adzamva?

Ndiye ndakonza nzeru, ndipo ndi imene ndikufuna mundiunikire. Ndili ndi mnzanga, a Jobu, kapitawo wa omanga njerwa, munthu wa chifuwa ngati chitseko. Ndi omwewa amandiwerengera nyuzipepala, ndipo ndi omwewa akundilembera kalatayi, ine ndikungolankhula. Tagwirizana kuti Loweruka lina potuluka mu holo, a Jobu amugunde Reinford ndi phewa pakhomo, amupondenso nsapato, amunene mawu oipa pang'ono pamaso pa Evelina ndi anthu onse. Sakamumenya, ayi, angomuputa basi. Ine ndidzaima pambali kuyang'ana mapazi, mapewa ndi maso, monga ndimachitira ndi filimu yatsopano. Akakunga chibakera, ndadziwa, ankhoswe abwerere. Akaleza mtima, ndivomera. A Jobu akuti iwo ali okonzeka, ngakhale akuti kalatayi ikutalika ndipo dzanja lawawa.

Ndiuzeni, Aphungu. Munthu wodandaula kuti nkhonya sizikupweteka mokwanira ndi woyenera kumupatsa mwana? Nanga nzeru yangayi ili ndi vuto? Nthawi yandithera, mitambo yayamba kale kusonkhana.

Ine wosowa tulo,
N.K.B.
Old Town, Lilongwe

Bambo N.K.B.,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndaiwerenga yonse osatopa, ndipo a Harilal asakutayeni. Koma ndiyambe ndi chofulumira: nzeru ya pakhomo pa holo ija muisiye lero lomwe. A Jobu, poti ndinu amene muwawerengere yankholi, ndime ino musaidumphe, ndipo phewa lanulo lisungireni njerwa.

Ganizani bwino. Mwamuna woputidwa ndi chimphona pagulu n'kukhala chete sanakuuzeni kuti ndi wofatsa. Wakuuzani kuti amadziwa kuyeza msinkhu wa mnzake. Amuna ambiri omenya akazi ndi aulemu kwambiri pamaso pa amuna anzawo a zifuwa zazikulu. Ndipo wina amene sanakwezepo dzanja pa mkazi atha kuponya chibakera atanyozedwa pamaso pa bwenzi lake. Mayeso anuwo akhoza kukhozetsa woipa ndi kulepheretsa wabwino. Kuwonjezera apo, zikavuta pali apolisi, pali ntchito ya boma ya mnyamatayo, pali ntchito yanu mu holo. Ndipo Evelina akadzamva kuti munakonza ndinu, ndithu adzamva, mudzamuyang'ana ndi nkhope yanji?

Tsopano za kusaphethira. Inu mumalowa mu holo kukasangalatsa anthu, iye amalowamo kukayeza ntchito ya ojambula. Mmisiri akalowa m'nyumba yatsopano sasilira utoto, amayang'ana ngati khoma laongoka, funsani a Jobu. Olemba za mafilimu ndewu amaifunsa mafunso ake. Kodi ndikutha kuona amene akumenya ndi amene akumenyedwa, kapena wojambula akubisa ulesi wake podumphadumpha? Kodi anthuwa ali ndi chifukwa chomenyanirana? Kodi ikatha pali chimene chasintha, pali amene wataya kanthu? Funso lachiwirilo inunso mumalidziwa, n'chifukwa chake mumawapatsa malire a munda. Mumadziwa kuti ndewu yopanda chifukwa ndi phokoso chabe. Si kuti olembawa amalondola nthawi zonse. Ambiri amaiwala kuti ndewu ya m'filimu ndi gulenso, kuti mapazi ake ali ndi luso, ndipo kuti munthu amene wanyamula simenti sabata yonse ali ndi ufulu woona mdani akuuluka pawindo popanda kupepesa kwa wina aliyense. Pamenepo mukhoza kutsutsana naye mpaka tiyi kuzizira. Koma kumeneko ndi kusiyana maganizo, si umboni wa nkhanza.

Mawu akuti nkhonya sizipweteka mokwanira mwawamva ngati a munthu wolakalaka magazi. Ine ndikuwamva mwa njira ina. Taonani filimu imene anaitamanda: womenya dzanja linatupa, kapu inamukanika. Munthu wokonda kumenya sasangalala ndi nkhani yoti womenya nayenso amavulala. Zikuoneka ngati chimamunyansa ndi bodza loti ukhoza kuswa mpando pamsana pa munthu ndipo aliyense n'kupita kwawo akuseka. Ndati zikuoneka. Sindinamuonepo mnyamatayo, ndipo sindikumuikira kumbuyo.

Ndikufunseninso chimodzi, musakwiye. Mwati za mdala wa mu nyuzipepala sizikukukhudzani, koma mwazifotokoza ndi moto wambiri kuposa zina zonse. Khalani pansi nokha mulekanitse ziwirizi: mantha anu pa Evelina, ndi bala lanu. Mantha ndi a mwini mbumba, ndipo ndi oyenera. Bala ndi lanu, musalilipiritse mwana.

Pali zinthu ziwiri m'kalata mwanu zimene inenso sindikuzipeputsa. Choyamba ndi yankho lija lakuti anaonapo munthu akumenyedwa. Akhoza kukhala mayi ake, mnzake wa kusukulu, kapena iye mwini ali mwana. Ena oona zotere amakula akudana nazo moyo wonse, ena amakula n'kuzibwereza. Simungadziwe poyang'ana mapewa. Munamufunsa pamaso pa mkazi amene akumufuna, tsiku loyamba, kapu ili m'manja; ndani akanayankha? Muitaneni nokha awiri. Muuzeni zoona, kuti mawu ake akukusowetsani tulo ndipo simungapereke mwana musanamve. Akakuuzani, mvetserani osaikamo mayina anu kapena zifukwa zanu. Akakana mwaulemu, mpatseni nthawi. Akapsa mtima chifukwa chofunsidwa, pamenepo mwaphunzira kanthu kenikeni.

Chachiwiri ndi kuyang'ana nkhope asanaseke. Kukhoza kukhala manyazi a chikondi chatsopano ndi ulemu wa pa anzake a ku ofesi, kukhozanso kukhala chimene mukuopacho. Funso limeneli si lanu. Mtsikana sauza atsibweni ake zotere. Pemphani mayi Evelesi, kapena mayi wina wamkulu amene Evelina amamasuka naye, akhale naye pansi mofatsa. Amufunse ngati amatha kumutsutsa mwamunayo, ngati anakanganapo ndipo zinatha bwanji, ngati amamuletsa anzake kapena kumuwerengera mayendedwe. Mkazi amene amati sitinasemphanepo ngakhale kamodzi ndiye wofunika kumufunsanso kachiwiri.

Mwati likulu labweretsa anthu opanda kumbuyo. Si zoona kwenikweni. Kumbuyo kwawo kunabwera nawo pa malole omwewo. Zomba yonse ili ku Capital Hill. Alipo amesenjala amene amutumikira zaka zambiri, ndipo amesenjala amadziwa bwana wolalata ndi bwana woleza. Alipo madalaivala, alipo akuluakulu a mpingo wake, alipo amayi a kwawo amene amuna awo ali m'maunduna. Munalakwitsa khomo popita kwa woyandikana naye wa dzana. Pitani kwa amene anakhala naye ku Zomba. Funsani ngati anasiyako mkazi kapena mwana, ngati anakhalapo ndi chibwenzi ndipo chinatha motani, ngati wantchito wa m'nyumba mwake amakhalitsa. Mwambo wanu wotuma munthu sunafe, chitsime chokha ndi chimene chasamuka. Ndipo ku Rumphi basi imafika. Ngati nkhaniyi ndi yaikulu monga mukunenera, tumani munthu wa banja apite ndi mmodzi wa ankhoswe akaone pakhomo.

Ankhoswewo auzeni poyera kuti banja likufufuza ndipo yankho lichedwa pang'ono. Anthu a ulemu sadabwa nazo, nawonso akukufufuzani. Mvula igwe, siiwononga ukwati. Za kusiyana kwa miyambo muzikambe pamaso pa mbali zonse ziwiri mawu asanamangidwe: kuti Evelina apitiriza ntchito yake, kuti azifika kwawo momasuka, kuti pakabuka vuto ankhoswe a mbali zonse adzakhala pansi ndipo mawu anu adzamveka. Maukwati a Achewa ndi a kumpoto achuluka mu mzinda uno, ndipo ambiri ali bwinobwino. Amene amavuta ndi amene akulu anachita manyazi kukamba zinthu poyamba.

Mukatha zonsezi, mukapeza choipa chenicheni, kanani molimba mtima ndipo mumuuze Evelina chifukwa chake ndi umboni wake. Mukapanda kupeza kanthu, vomerani ndi mtima wonse, ngakhale mkamwini wanuyo apitirize kuyasamula pamene inu mukutuluka thukuta kutsogolo.

Chenjezo langa ndi ili. Evelina si mwana wa pa benchi uja. Ali ndi malipiro ake, ndipo njira ya ku ofesi ya DC yomangitsirako ukwati akuidziwa. Mukamukaniza pa chifukwa choti mwamuna saphethira mu kanema, adzakwatiwa ndithu, koma popanda inu. Ndipo ngati mantha anuwo adzapezeke oona tsiku lina, adzachita manyazi kubwera kwa munthu amene anamuuza kale kuti asapite. Adzapirira yekha ku Area 15 kapena ku Rumphi, inu osamva kanthu. Chilichonse chimene mungayankhe ankhoswe, chiyankheni mwa njira yoti mwanayo adzathe kugogoda pakhomo panu osayamba waganiza kawiri.

Aphungu